Simbi Yomangidwa ndi Waya

Ku Mkaika, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana mu August kudzalamba Kalonga Gawa Undi, banja lina linatsutsana za simbi ya makala yothyoka cogwirira. Mwamuna anafuna kukagula ina ku Katete, kuopa kuti alendo adzaona waya womangira. Mkazi wace anakana, nati pansi pace pakali posalala, ndipo ndalamazo n'za mbeu.

Kodi wolakwa ndani? Simbi yong'ambika pansi, yogwetsa moto pa malaya, iyeneradi kutayidwa, pakuti kuisunga ndiko kutentha nsaru. Koma mwamunayo sanaitembenuze konse kuti aione. Maganizo ace anali pa alendo, amene Kulamba kutatha anabwerera kwao osafunsa za simbi.