Mukadaima pa Chikangawa?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu. Koma ndisanalifunse, kwerani kaye galimoto.

Tayerekezani ndi mwezi wa July. Inu ndi akunyumba kwanu mwanyamuka ku Blantyre m'mawa, chiperoni chikuwaza, ulendo wa ku Mzuzu, makilomita opitirira 600 pamsewu wa M1. Bambo agwira chiwongolero, mayi afunda chitenje pamwamba pa juzi, fulasiki ya tiyi ili pamiyendo. Mwawoloka Shire pa Zalewa, mwalipira pa tolo geti ya Chingeni, mwagula kachewere pa Lizulu zala zitachita kuuma ndi mphepo. Mu Lilongwe abale akuchedwetsani ndi nsima, ndiye dzuwa lakuloweranitu musanafike ku Kasungu. Pa Jenda apolisi akuunikani ndi tochi, n'kukuuzani kuti pitani.

Tsopano muli m'nkhalango ya Chikangawa, pamapiri a Viphya. Amene munadutsako usiku nyengo yachisanu mukudziwa: nkhungu imatsika mpaka pansi, magetsi a galimoto amangothera pafupi pomwepo, ndipo mumayenda mtunda wautali osaona nyumba. Mwadzidzidzi mukuona nthambi zoyalidwa pamsewu. Kutsogolo pang'ono galimoto yaima, boneti yotsegula. Bambo wina akubayibitsa manja onse awiri. Kumbuyo kwake kuli chithunzithunzi chooneka ngati mayi wanyamula mwana m'bulangete.

"Bambo, taimani. Pali mwanatu apo."

"Mayi, usiku uno? Muno? Mwaiwala nkhani timamva zija?"

Phazi lili pakati pa buleki ndi moto, ndipo nthawi yoganiza ndi yochepa kuposa yomwe mwatenga powerenga ndime iyi. Mukadatani?

Ndikudziwa ena mwayankha kale: imani basi, umunthu ndi umenewo. Ndipo simukulakwa. Chisanu cha kumeneko si chamasewera, mwana akhoza kudwala kusanache. Makolo adanena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo galimoto yanuyo nayo ndi chitsulo, ikhoza kuzima pakhona lotsatira. Ena mwati ayi, yendani. Inunso simukulakwa. Tonse tidamvapo za anthu amene adaima chifukwa cha chifundo n'kupezeka kuti agwa m'manja mwa achifwamba. Nthambi zochenjeza ndi nthambi za msampha zimaoneka chimodzimodzi mu nkhungu.

Pa nkhani ngati izi ambiri timathamangira ku fanizo la Msamariya wachifundo, la mu Luka 10. Koma mudaonapo chinthu chimodzi? Fanizolo silitchula kuti Msamariya uja anali ndi mnzake paulendo. Ataima pamsewu wa ku Yeriko, moyo womwe adauika pachiswe unali wake. M'galimoto yanuyi muli anthu awiri, mwinanso ana akudikira kunyumba. Ndiye funso langa lenileni si lakuti kodi kuthandiza mlendo n'kwabwino. Ilo tonse timalidziwa yankho lake. Funso ndi ili: kodi uli ndi ufulu wochita chifundo pamene mtengo wake angaulipire ndi mnzako? Nanga uli ndi ufulu womuteteza mnzako pomukakamiza kusenza mlandu wa mumtima womwe iye sadaufune?

Taonani mbali zonse ziwiri. Bambo akaima mayi akukana, zinthu n'kuipa, ndiye kuti agula ubwino wawo ndi thupi la mkazi wawo. Bambo akapitirira mayi akuchonderera, ndiye kuti mayiwo adzakhala akuona bulangete lija m'maloto, pa chisankho chomwe sichinali chawo. Mbali zonsezi wina walandidwa kanthu.

Apa mpamene tiyenera kudziuza zoona, pakuti mtima wa munthu ndi wochenjera. Nthawi zina mantha amavala malaya a chikondi. Munthu amati "ndimaganizira inu ndi ana," chonsecho akadakhala yekha sakadaimanso. Mkazi wangokhala pothawira. Komanso nthawi zina chifundo chimakhala chodzikonda: munthu amafuna kuima kuti adzimve kuti ndi wabwino, kuti Lamulungu akakhale ndi umboni wokoma, osaganiza n'komwe za amene akunjenjemera pampando wa pambali. Ndani wa ife angalumbire kuti sadachitepo chimodzi mwa ziwirizi?

Ine pomwe ndafika ndi apa. Cholakwa chachikulu pamalo amenewa si kuima, si kupitirira. Ndi kugamula wekha. Chiwongolero chimanamiza. Chifukwa chili m'manja mwa munthu mmodzi, iye amayamba kuona ngati ulendo ndi wake, ndipo winayo ndi katundu. Chonsecho mphamvu imeneyo ndi yobwereka. Amene wakhala pambali wapereka moyo wake m'manja mwa woyendetsa kuyambira pa Zalewa, pakhona lililonse, pa thiraki iliyonse yomwe aipitirira. Sadaupereke kuti mnzake achite nawo chilichonse chimene wafuna. Adaupereka pokhulupirira kuti pa zazikulu adzafunsidwa.

Mwina mukuti, aaa, pali nthawi yokambirana pamenepo? Zoona, ndi yochepa. Koma ilipo ndithu. Mukhoza kuchepetsa liwiro, zitseko zili zokhoma, injini ikulira, n'kutsitsa galasi pang'ono kufunsa chavuta n'chiyani. Mukhoza kukaima patsogolo pang'ono n'kuyang'anana, wina n'kufunsa mnzake kuti, "Tibwerere?" Mukhoza kutenga nambala ya foni, kapena kukadziwitsa apolisi pamalo oyamba omwe muwapeze. Sindikunamizani kuti njira zimenezi zimatsuka mtima. Netiweki imasowa m'mapiri, ndipo thandizo lomwe mwatumiza likhoza kufika mochedwa kapena osafika. Nthawi zina "tikauza apolisi" ndi kupitirira komweko, kungoti kwavala tayi. Koma mukagamula awiri, zotsatira zake mumazisenzanso awiri. Palibe adzaloze chala mnzake.

Nanga mukalephera kugwirizana? Apa ndinena maganizo anga, ngakhale ena mundikwiyira. Ndikuona kuti "ayi" wa amene akuopa ayenera kulemera kuposa "inde" wa amene akufuna kuima, chifukwa palibe amene ali ndi ufulu wopereka nsembe moyo wa mnzake. Koma "ayi" ameneyo amabwera ndi ngongole. Wokanayo ndiye ayenera kukhala woyamba kusaka njira ina yothandizira, ndipo asadzatchule mantha ake kuti nzeru. Avomere kuti adaopa, ndi kuti mwina adasiya mwana pachisanu. Kuopa si tchimo. Kuiwala msanga ndiko kumaumitsa mtima.

Ndipo kunena zoona, chisankho cha pa Chikangawa sichipangidwira pa Chikangawa. Chimakhala chitapangidwa kale m'maola onse aja mwakhala limodzi, ndi m'zaka zonse za m'mbuyo. Ndani adasankha ola lonyamukira? Mayi atanena mu Lilongwe kuti tigone konkuno tiyende mawa, adamveredwa? Banja lomwe limafunsana pa zazing'ono silivutika kufunsana m'masekondi asanu. Lomwe mmodzi amangolamula, nkhungu ikatsika amalamulanso, ndipo mtunda wotsala kukafika ku Mzuzu amauyenda ali duu, hita ikutentha koma m'galimoto mukuzizira kuposa panja.

Ndiye musanayambe ulendo wautali nyengo ino, poona matayala ndi mafuta, funsananinso funso limeneli kukadali kowala: tikakumana ndi munthu wovutika usiku, tidzatani? Mudzadabwa kumva zomwe mnzanu wa zaka zambiri amaganiza.

Tsopano ndikusiyirani inu. Amene mudaimapo, zidatha bwanji? Amene mudapitirira, mumakumbukirabe? Ndipo amayi a m'gulu lino, ndikufuna ndimve kwa inu makamaka: pampando wa pambali paja, mumafunsidwa?