Kodi Adzagona Kuti Ife Tikadzapita?

Amayi anzanga, pali funso limene amayi ena pakati pathu amagona nalo usiku uliwonse, koma salitchula pa msonkhano wa Chigwirizano. Mwina mumawadziwa. Amakhala kuno ku Kaunda Square, ndipo nthawi zambiri amathamangira kunyumba mapemphero asanathe, chifukwa asiya mwana wawo wamwamuna yekha. Mwanayo ali ndi ndevu, zaka zapitirira makumi atatu, koma salankhula kwambiri. Phokoso la minibasi ndi wailesi ya aneba limamuzunza, ndipo mukangosuntha kapu yake pamalo pake, tsiku lonse lasokonekera. Funso la amayi ake ndi ili: ine ndikadzamwalira, mwanayu adzagona kuti?

Vuto limeneli madokotala amalitcha otizimu. Si ufiti, si misala, ndiponso si chilango cha tchimo la makolo. Munthu amabadwa ubongo wake ukugwira ntchito mosiyana ndi wa ena. Ena amaphunzira mpaka kugwira ntchito, ena amafunika womuthandiza kusamba ndi kuphika moyo wonse. Bungwe la United Nations linasankha 2 April kukhala tsiku lokumbukira anthu otere kuyambira mu 2008. Koma tikamakamba za iwo timangonena za ana, ngati kuti ana sakula. Sukulu imatha, makolo amakalamba, otizimu siutha.

Tsono udindo ndi wa yani? Ambiri timayankha msanga kuti abale adzaona. Koma tiyeni tinene zoona. Abale a mu Lusaka akukhala m'nyumba za lendi, zipinda ziwiri anthu asanu ndi awiri. Alandilodi akamva kukuwa usiku kawiri katatu, notisi yatuluka. Ena amati tidzamutumiza kumudzi. Munthu amene amasokonezeka ndi kapu yosunthidwa, mukamuchotsa pa msewu umene anauzolowera kuyambira ali mwana, mwamulanda dziko lake lonse. Ena amaloza ku Chainama, poti ndi pafupi. Chipatala ndi malo a chithandizo munthu akadwala, si kwawo kwa munthu.

Malamulo a dziko lathu anasintha maganizo pa nkhaniyi. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo ndime 19 ya panganolo imapatsa munthu wolumala ufulu wokhala pakati pa anthu anzake, akulandira thandizo limene akufunika. Mu 2012 kunabwera lamulo la anthu olumala, ndipo mu 2019 lamulo latsopano la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda. Zonsezi ndi zabwino, koma lamulo silifolera denga. Nyumba zotsika mtengo zokhala ndi wothandiza pafupi ndi zimene tiyenera kupempha kwa akhansala ndi aphungu athu, monga timapemphera madzi ndi misewu.

Mwina mukuti, kodi kumuika munthu payekha si kumutaya? Funso limeneli ndi lolemera. Kumutsekera m'chipinda ndi loko kuti alendo asamuone, kumeneko ndiye kumutaya, ngakhale ali m'nyumba ya mayi ake. Chimene tikunena ndi china: chipinda chake chabata, kiyi yake ngati angathe kuisunga, nthawi yodyera yosasintha, ndi munthu womudziwa bwino amene amafika tsiku ndi tsiku. Kachipinda kakuseri kwa nyumba, kamene ambiri timamanga kuti tizilandira lendi, kangathe kukhala kwawo kwa munthu wotere. Mabanja atatu angathenso kugwirizana kulipira nyumba imodzi ndi wosamalira mmodzi.

Mukumbukire kuti Ambuye Yesu ali pa mtanda anakonza kumene mayi ake adzakhale, natchula munthu wake, monga tiwerenga pa Yohane 19. Sanasiye nkhaniyo m'manja mwa gulu. Ifenso tisaope kukonzeratu. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira wosalemba wilo limapereka theka la chumacho kwa ana, koma mwana amene satha kudzilankhulira pa msonkhano wa pambuyo pa maliro ndiye amayamba kuiwalika, nyumba n'kugulitsidwa iye ali momwemo. Inu amayi ake, lembani wilo. Itanani abale mukadali ndi mphamvu, mutchule amene adzayang'anire mwanayo. Mulembetseni ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, ndipo mufunse ku ofesi ya Social Welfare za ndalama zothandizira mabanja ovutika. Lembaninso m'kope zimene amadya, zimene amaopa ndi zimene zimamukhazika mtima pansi.

Nanga ife enafe? Timadziwa kusonkha. Pa chilimba, pa kicheni pati, pa maliro, ndalama zimapezeka ndipo mapoto amafika. Ngati titha kugona pa maliro a mayi masiku atatu, tingalephere kukhala ndi mwana wake maola awiri iye akadali moyo, kuti mwanayo atizolowere? Munthu wa otizimu sakhulupirira nkhope yachilendo pa tsiku limodzi. Amene adzamutsegulire chitseko amayi ake atapita ayenera kuyamba kugogoda lero.

Sabata ino, amayi aja akanyamuka msanga, musangowayang'ana. Aperekezeni mpaka kunyumba, mumupatse moni mwana wawo ndi dzina lake, kenaka mukhale pansi muwafunse chimene akonza.