Kodi Chionetsero ndi Bodza?

Munthu akatchula kung fu, chimene chimabwera msanga m'maganizo mwa ambiri a ife ndi mnyamata wometa mpala, wovala mkanjo wachikasu, akuphwanya njerwa ndi chikhatho kapena akutembenuzika m'malere ngati alibe mafupa. Nanga zidatani kuti luso limene poyamba linali la moyo ndi imfa lisanduke chinthu choombera m'manja? Ndipo funso lolemera koposa ndi ili: kodi munthu wodyera chionetsero chotere akutinamiza?

Tiyambe ndi dzina. Mau akuti kung fu satanthauza ndeu ai. Amanena za luso lililonse limene munthu walipeza pogwira ntchito nthaŵi yaitali mopirira, kotero kuti mmisiri wa matabwa kapena mai wodziŵa kuphika angathe kukhala nalo. Luso la nkhondo eni ake amalitcha wushu, ndipo nkhondo lidamenyadi. M'chaka cha 621 amonke achibuda a ku Shaolin, m'chigawo cha Henan, adathandiza Li Shimin, amene pambuyo pake adakhala mfumu, kugonjetsa adani ake. Nkhaniyo idazokotedwa pa mwala umene adauimika pamalopo mu 728.

Koma kuonetsera nako nkwakale. Pa nthaŵi ya mafumu a Song, kuyambira 960 mpaka 1279, m'mizinda ya Kaifeng ndi Hangzhou munali mabwalo a zisangalalo kumene anthu ankasonkhana kudzaona ogwetsana, ozunguza ndodo ndi ovina ndi malupanga. Taganizani za msilikali amene nkhondo yamthera, munda alibe, chimene akudziŵa ndi ndodo basi. Amaima pamsika nazunguza ndodoyo mpaka anthu atamzinga, kenaka natulutsa mankhwala opaka pa misana yoŵaŵa kuti agulitse. Apa pali chinthu choyenera kuchimvetsa bwino. Kumenyana kwenikweni sikukoma m'maso, ndiponso kumatha msanga: munthu alasa mnzake ndi mkondo kamodzi, nkhani yathera pomwepo. Palibe amene angaponye ndalama chifukwa cha zimenezo. Khamu limafuna kulumpha, kuzungulira ndi phokoso, ndipo njala idaphunzitsa mwini luso kupatsa khamu zimene likufuna.

Qi Jiguang, mkulu wa ankhondo amene adalimbana ndi achifwamba a panyanja, adadandaula za zomwezi m'buku limene adalemba cha m'ma 1560. Sadafune kuti asilikali ake azitaya nthaŵi ndi mayendedwe ongokongola ngati maluŵa, poona kuti pankhondo anthu amaima mothinana m'mizere, ndipo malo olumphira uku ndi uku palibe. Nkhonya za manja okha adaziŵerengera ngati zolimbitsa thupi ndi kuzoloŵeza ziŵalo, osati zopambanira nkhondo. Choncho dandaulo lakuti luso lasanduka gule lili ndi zaka zoposa 450.

Zisudzo nazo zidasonkhezera moto. M'maseŵero oimba a ku Beijing, wotenga mbali ya ngwazi amaphunzira kugwa, kudumpha ndi kuseŵeretsa mkondo kuyambira ali mwana. Jackie Chan ndi Sammo Hung adakulira m'sukulu yotere ku Hong Kong, m'manja mwa mphunzitsi Yu Jim-yuen, ndipo zimene adapita nazo ku kanema zinali za m'sukulumo. Boma nalo lidaikapo dzanja. Mfuti zitalanda malo a uta ndi mkondo, mayeso akale a usilikali adathetsedwa mu 1901. Akomyunizimu atatenga dziko mu 1949, adakonza wushu kuti akhale maseŵera a mpikisano: munthu amaonetsa mayendedwe ake popanda mdani, oweruza nkumampatsa malikisi poona kalumphidwe ndi kaimidwe kake. Mmodzi mwa ana opambana pa maseŵeraŵa, Jet Li, adakaonetsa luso lake pamaso pa Richard Nixon ku Washington mu 1974, ndipo kanema wake wa Shaolin Temple wa mu 1982 ndiye adabwezera mbiri ku nyumba ya amonke ija, imene mbali yake yaikulu asilikali adaitentha mu 1928.

Tsono kodi zonsezi ndi chinyengo? Ine ndikuti ai, ndipo umboni tili nawo pakhomo pomwe. Ovina beni amavala ngati asilikali, amaguba, ali ndi maudindo ao, koma palibe amene amaganiza kuti adani atabwera iwoŵa ndiwo angateteze mudzi. Angoni akamavina ingoma atanyamula zishango ndi zibonga, sitiŵanena kuti ndi ankhondo abodza. Makamaka timathokoza kuti zida zimene kale zinkakhetsa mwazi lero zimangodzutsa fumbi la pabwalo. Woonetsa ndi woonerera adagwirizana kale kuti awa ndi maseŵera, ndipo pamene pali mgwirizano wotere palibe wonamizidwa. Thukuta lake nalo silabodza. Jackie Chan adagwa mu mtengo nasweka chigaza pojambula kanema wa Armour of God ku Yugoslavia, ndipo kumapeto kwa makanema ake ambiri amaonetsa dala pamene adaphonya, pamene adagwa, pamene anzake adamnyamula. Munthu wofuna kutinamiza sachita zotere.

Bodza limaloŵa ndi khomo lina. Wogona pa thabwa la misomali salasidwa chifukwa kulemera kwa thupi lake kwagaŵanika pa misomali mazanamazana. Mutamgoneka pa msomali umodzi mungamve kulira. Wophwanya njerwa kaŵirikaŵiri amaitukula pang'ono kuti ikagunde chinthu cholimba chapansi. Munthu wotere akati, “Onani zimene thupi lozoloŵera lingachite,” wanena zoona. Koma akati ali ndi mphamvu yobisika imene mpeni sungaipyoze, ndipo kuti angakupatseni mutalipira, pamenepo wagulitsa chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo nyererezo zimaluma ena, osati iye yekha.

Dziko la China lidalaŵa zimenezi m'chaka cha 1900. Kumpoto kwa dzikolo kunali chilala, anthu anali ndi mkwiyo chifukwa cha maiko akunja amene ankadzigaŵira madoko ndi malonda, ndipo tisabise, ena ankadandaulanso kuti amishoni amaloŵerera milandu ya m'midzi pokondera akhristu. Anyamata a m'midzi, amene azungu adaŵatcha Boxers, adayamba kusonkhana pa mabwalo nkumachita miyambo yoitana mizimu. Mizimu yambiri imene ankati yaŵagwira inali ya ngwazi zomwe ankaziona m'zisudzo za pamsika. Adauzidwa, ndipo adakhulupirira, kuti lupanga ndi chipolopolo sizingaŵaloŵe. Ndi chikhulupiriro chimenecho adapha akhristu achitchaina zikwizikwi pamodzi ndi amishoni. Ambiri mwa amaritiri 120 a ku China amene Papa Yohane Paulo wachiŵiri adaŵaika m'gulu la oyera pa 1 Okutobala 2000 adafa chaka chimenecho. Ndi chikhulupiriro chomwecho anyamatawo adathamangira mfuti za asilikali akunja, zipolopolo nkuŵaloŵa monga ziloŵera munthu wina aliyense. Chisudzo chidatsika pabwalo nkukaloŵa m'mudzi, anthu osadziŵanso pamene maseŵera athera. Amene ndimaŵaimba mlandu waukulu si anyamata anjala aja, koma aphunzitsi amene adaŵalonjeza chinthu chimene iwo eni sakadatha kupereka.

Bruce Lee, amene adamwalira mu 1973, ankayerekeza wophunzira mayendedwe okhaokha osakumana ndi mdani ndi munthu wophunzira kusambira pamtunda. Mau ake adapherezera mu Epulo 2017 mumzinda wa Chengdu, pamene Xu Xiaodong, mphunzitsi wa nkhonya zosakaniza, adakumana ndi Wei Lei, amene wailesi ya kanema ya boma idamuonetsapo ngati katswiri wa tai chi. Theka la mphindi lisanakwane, Wei Lei anali pansi ataphimba mutu ndi manja. Ambiri adakwiyira wopambanayo, nati wanyoza chikhalidwe cha makolo. Mu 2019 bwalo la milandu lidamlamula kupepesa kwa katswiri wina wa tai chi, Chen Xiaowang, chifukwa chomutcha wonyenga, ndipo kwa kanthaŵi adaletsedwa kukwera ndege ndi sitima zothamanga. Pakamwa pa Xu sipaoneka ulemu, zimenezo nzoona, ndipo kumenya munthu wogwa kale sikukoma. Komabe funso lake linali loyenera, chifukwa kumbuyo kwa mphunzitsi aliyense wodzitama kuli ophunzira amene alipira ndalama zao, ndipo tsiku lina wina mwa iwo adzaima pamaso pa mbala ya mpeni akudalira zimene adaphunzitsidwa.

Nkhalamba zimene zimachita tai chi m'maŵa m'mapaki a ku Beijing sizidataye kanthu pa ndeu ya ku Chengdu. Izo zimafuna kuti maondo afeŵe ndi kuti zisamagwe poyenda, ndipo madokotala amene adafufuza nkhaniyi adapeza kuti tai chi amathandizadi okalamba kuchepetsa kugwa.