Chatsitsa dzaye pa ngozi za ndege zing'onozing'ono m'mapiri

Mwambi wakuti "umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga" umatchulidwa pabwalo la milandu pamene anthu atengeka ndi kukula kwa tsoka n'kuiwala gwero lake. Dzaye ndi chipatso cha chigoba cholimba, ndipo ngakhale maso a onse amathamangira pa mnyanga wothyokawo, nkhoswe yanzeru imafunsa chimene chagwedeza mtengo, chifukwa mlandu woweruzidwa poyang'ana bala lokha umabweranso.

Ndege yaing'ono ikagwa itangonyamuka pabwalo la kumapiri, anthu amaloza mitengo imene yawomba kapena kuganizira kuti injini inazima, pamene nthawi zambiri chatsitsa dzaye chimakhala mpweya wopepuka, umene suoneka ndi maso. Malo akamakwera, mpweya umachepa kulemera, ndipo dzuwa likatentha umapepukiranso, kotero kuti akatswiri amawerengera chimene amachitcha density altitude, ndiko kuti kutalika kumene ndege "imakumva" osati kumene kwalembedwa pa mapu. Mpweya wotere umalanda ndege mphamvu mbali zitatu nthawi imodzi: injini yopanda chipangizo chopanikiza mpweya imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse, pulopela, amene ndi mpeni wozungulira wokoka ndege, amagwira mpweya wochepa, ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu pansi asananyamule katundu yemweyo.

Pa 30 June 2012, ndege ya Stinson 108 yonyamula anthu anayi inagwa m'mitengo itanyamuka pabwalo la Bruce Meadows m'chigawo cha Idaho ku America, ndipo onse anapulumuka. Bwalolo lili pa mamita pafupifupi 1,940, koma chifukwa cha kutentha kwa tsikulo ndegeyo inkauluka ngati ili pa mamita pafupifupi 2,800, pamene injini yotere imakhala itataya kale kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linaloza kukonzekera kosakwanira ndi chiganizo chonyamuka m'mpweya wotere ndege italemedwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndege yotere imanyenga mwini wake. Mapiko akakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, mpweya suwakokera m'mbuyo kwenikweni, choncho ndege imatha kudzuka pang'ono n'kumayandama ngati zonse zili bwino, koma ikangofuna kukwera kupitirira utali wa mapiko ake imakanika. Woyendetsa akaona mitengo ikuyandikira amakweza mphuno ya ndege, liwiro limatsika, ndipo mapiko amaleka kunyamula. Apa njovu yathyoka kale mnyanga, ngakhale kuti dzaye linayamba kugwa ndege ili chiimire pansi, pamene katundu ankapakiridwa ndipo ola lonyamukira linkasankhidwa.

N'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti woyendetsa awerenge matebulo a m'buku la ndege yake, anyamuke m'mamawa kusanatenthe, achepetse katundu kapena anthu, ndiponso achepetse mafuta olowa mu injini kuti agwirizane ndi mpweya wochepawo. Ambiri amaphunzitsanso lamulo lakuti ndege ikafika pakati pa msewu wake isanakwanitse 70 peresenti ya liwiro lonyamukira, woyendetsa atseke mphamvu n'kuima mpata wa mabuleki ukadalipo.