Madzi Saiwala Khwawa

Kuyamikidwa konse n'kwa Allah, Mwini mvula ndi nyanja. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, funso lathu pa Ijumaa ino ndi ili: madzi akachoka pakhomo pathu n'kukagumula khoma la mnzathu, mlandu ndi wa yani? Ambiri timafulumira kuyankha kuti mvula ndi ya Allah, ngalande ndi za boma. Yankho lotere limatichotsa ife pa mlandu mosavuta, n'chifukwa chake tiyenera kulikayikira.

Tiyambe ndi nyanja yathuyi. Nyanja ya Niassa imalandira mitsinje ya ku Mozambique, Malawi ndi Tanzania, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire. Pa Liwonde, m'dziko la Malawi, pali zitseko za Kamuzu Barrage, zimene zinamangidwa mu 1965 kuti zizilamulira madzi otsika mumtsinjewo. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo inalowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Ambiri anadandaula kuti zitsekozo zitsegulidwe kotheratu. Koma madzi otayidwa pa Liwonde sathera pompo. Amatsika kudzera pa Nkula pamene amapangira magetsi, nafika ku Chikwawa ndi Nsanje, kenako nalowa m'dziko lathu lomwe lino kukakumana ndi Zambezi. Wogwira chitseko akapeputsira wa kumtunda, wa kumunsi ndiye amasenza.

Aliyense wa ife ali ndi chitseko chake. Denga la malata limasonkhanitsa madzi, ndipo ndife timasankha kumene agwere. Tikadula mitengo m'phiri pofuna makala, madzi amene akanalowa pansi amathamanga n'kukumba zigwembe m'misewu. Tikatentha bango la m'mphepete mwa nyanja, mafunde a mwera amadya gombe, ndipo matope amakwirira malo oswera chambo. Tikataya mapulasitiki mu ngalande usiku, m'mawa madzi amapezeka m'nyumba ya mayi wamasiye amene sanatilakwire. Palibe munthu amene alibe mnzake kumunsi kwake.

Ma ulama a fiqhi anaiona nkhaniyi kalekale. Anaphunzitsa kuti sikuloledwa kulozetsa madzi a padenga m'bwalo la mnansi popanda chilolezo chake, ndiponso kuti wa kumtunda kwa mtsinje akathirira munda wake awasiye madzi apite kwa wotsatira. Ufulu wa munthu pa malo ake umalekeza pamene payambira kuvutika kwa wina.

Mwina wina anena mumtima: kodi zonsezi si Qadar? Zoonadi, kuchuluka kwa mvula sikuli m'manja mwathu, ndipo timaulandira mopirira mulingo umene Allah watipatsa. Koma zinyalala zotseka ngalande sizinagwe kuchokera kumitambo. Kutchula Qadar pobisa ulesi wathu ndi kumunamizira Mlengi.

Akuluakulu a Conselho Municipal ndi a boma la distritu, udindo uli m'manja mwawo ndi amana. Kwa iwo n'kuyeretsa ngalande mvula ya Novembala isanagwe, kusagawa malo omanga m'makwawa, ndi kusunga gombe. Malamulo a za malo m'dziko muno amateteza mamita 50 kuchokera pamene madzi a nyanja amalekeza akakwera. Wolandira chiphuphu kuti alole kumanga m'menemo wadya haramu, ndipo woperekayo wadya naye. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Siginecha ya mu ofesi siingawaiwalitse njira yawo.

Komabe chilungamo chili ndi mbali ina. Ambiri okhala m'makwawa sanapiteko mwa mwano, koma chifukwa malo ouma anawakanika mtengo. Kumugwetsera nyumba wosauka asanapatsidwe pena pokhala ndi kupondereza, ngakhale lamulo likhale m'manja. Nakonso kumuthamangitsa msodzi pagombe n'kumusiya wachuma ndi mpanda wake wa njerwa ndi mlandu umene udzafunsidwe pa tsiku la Qiyama.

Choncho abale, tisanaloze chala ku ofesi, tiyende pakhomo pathu mvula ikugwa, tione kumene madzi athu akulowera, tikamufunse mnansi ngati tikumuvutitsa. Tiyeretse ngalande ya kutsogolo kwa mzikiti ndi ya kutsogolo kwa nyumba zathu. Tikatero tipite ku misonkhano ya bairro ndi ya amfumu, tikafunse mwaulemu koma mosaopa kuti msonkho wathu wagwira ntchito yanji.

Tikumupempha Allah kuti atipatse mvula yamadalitso osati yachionongeko, awaongole atsogoleri athu, ndipo asalole kuti madzi a pakhomo pathu adzakhale mboni yotitsutsa. Ameen.