Mutu umodzi susenza denga

Denga la nkhokwe salimangira pamwamba. Amalilukira pansi, nsungwi kuzimanga ndi luzi mpaka litaumbika, kenako amuna angapo amalowa kunsi kwake, kulisenza ndi kukalikhazika pankhokwe. Chimalepheretsa munthu mmodzi si kulemera kokha ayi. Denga ndi lotambalala: ukakweza uku, uko kwagwa. Ngakhale chiphona chimafuna wina woti agwire mbali imene manja ake sakufika. Apa ndi pamene panachokera mwambiwu.

Ntchito za m'matauni ang'onoang'ono ngati Luchenza, Mponela kapena Liwonde zili ndi mbali zambiri chomwecho. Pali komiti ya mjigo yotolera ndalama zogulira zipangizo, komiti ya sukulu, gulu la amayi lolondola atsikana osiya sukulu, alezi a kusukulu ya mmera mpoyamba, achitetezo a m'dera oyendera usiku. Kuyambira 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira m'makomiti a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC). Ambiri mwa amenewa ndi anthu ongodzipereka, salandira malipiro.

Koma tayang'anani nkhope za m'makomitimo. N'zomwezomwezo. Mayi amene amasunga ndalama za mjigo ndi yemweyo amaphika phala la ana, Loweruka alinso kumsonkhano wa sukulu. Tsiku limene wadwala kapena wapita kumudzi kukakolola, zinthu zitatu zimaima nthawi imodzi. Timamuyamikira kuti ndi wolimbikira, koma zoona zake n'zakuti tamusiyira denga yekha.

Ukafunsa chifukwa chake, yankho limabwera msanga: "Anthu a masiku ano popanda alawansi sabwera." Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, poti mabungwe ena anazoloweza anthu kusaina pepala ndi kulandira kangachepe pamsonkhano uliwonse. Komanso wogulitsa tomato akatseka benchi tsiku lonse, kunyumba agona ndi njala. Ameneyo tisamunene ulesi. Ndipo dziko limene linaona thangata m'minda ya azungu lili ndi chifukwa chokayikira aliyense wonena za ntchito yaulere.

Komabe ine sindivomera kuti mtima wothandizana unatha. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe anathamanga ndi makasu, ena ndi manja okha, kukafukula anzawo m'matope. Panalibe wofunsa za alawansi. Pamaliro n'chimodzimodzi: adzukulu amalawirira kumanda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, aliyense akudziwa pogwira.

Pali mbali ina ya mwambiwu imene timaiphonya. Mwini nkhokwe sakhala pakhonde kudandaula kuti anthu sakubwera. Amadzuka, kulowa khomo ndi khomo: "Achimwene, mawa m'mamawa mudzandigwireko denga." Watchula munthu, watchula ntchito, watchula nthawi, ndipo woitanidwayo akudziwa kuti dzuwa lisanakwere akhala atabwerera ku zake. Makomiti athu ambiri saitana chonchi. Amalengeza kutchalitchi kapena kumzikiti kuti "ofuna kuthandiza abwere," ndiye aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. Wolimba mtima n'kubwera amapeza msonkhano wa maola anayi, woikidwanso tsiku la msika, ndipo akangovomera kaudindo kamakhala kopanda tsiku lotulira.

M'tauni vutoli limakula chifukwa ambiri ndi obwera. Mphunzitsi wotumizidwa kuchokera kutali, wowotcherera zitsulo, mnyamata wa kabaza, onse amakhala m'nyumba za lendi, ndipo palibe mfumu kapena malume wowakumbutsa. Si kuti amakana, palibe anawafikira. Wowotcherera uja mutamuuza kuti chitseko cha kalasi chinathyoka, ndi ntchito ya ola limodzi. Mtsikana amene analemba mayeso a Fomu 4 angathe kulemba bwinobwino m'kaundula ndalama za mjigo zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kumaziwerenga poyera mwezi uliwonse. Anthu akamva m'mene ndalama yawo yayendera, sawiringula kusonkhanso.

Chovuta kwambiri chili kwa ife amene takhalitsa m'mipando. Mlendo akabwera ndi maganizo ake timamuuza kuti "kuno sititero," ndipo mwezi wotsatira sabweranso. Komiti iliyonse igwirizane zaka zokhalira paudindo, nthawiyo ikakwana apampando atule pansi, ayambe kuphunzitsa wowalowa m'malo mmene buku la ndalama limasungidwira.