Kodi thupi lako ndi lako wekha?

Msuweni wanga wina, kalipentala wakumudzi kwathu, adadwala chifuwa chachikulu cha TB. Adaonda mpaka kuboola mabowo ena awiri pa lamba wake, ndipo usiku ankatuluka thukuta ngati ali kumunda. Atamuyeza makhololo kuchipatala adampatsa mapiritsi namuuza kuti azimwa tsiku lililonse kwa miyezi 6. Patangotha miyezi iwiri thupi lidabwerera, kutsokomola kudatha, iye n'kuleka mankhwala. Mlongo wake atamudzudzula adayankha kuti, "Achemwali, ine ndachira. Komanso thupili ndi langa. Ndikafa ndifa ndekha, nanga inu vuto lanu n'chiyani?"

Mawu amenewa akhala akundizunguza mutu kwa nthawi yaitali, chifukwa mbali ina ndi oona. Munthu wamkulu, wamutu wake, ali ndi ufulu wokana chithandizo. Wodwala khansa akanena kuti watopa ndipo akufuna kukafera kwawo, timamumvera chisoni koma sitimumangirira pabedi. Tsono n'chifukwa chiyani wodwala TB sitingamulekerere chimodzimodzi?

Yankho lagona pa mmene matendawa amayendera. Pa 24 March 1882 Robert Koch adalengeza ku Berlin kuti TB imayamba ndi tizilombo, ndipo lero tikudziwa kuti tizilomboti timayenda mumpweya wodwala akatsokomola. Mpweya ulibe mpanda. Umene watuluka m'mapapo mwanga m'nyumba yotseka mazenera, m'minibasi kapena m'tchalitchi, ndi womwewo ukalowe mwa mwana amene wakhala pafupi nane. Apa ndiye pamene mawu oti "ndifa ndekha" ayamba kutsimphina.

Koma nkhani sithera pa kupatsirana kokha. Mankhwala oyamba a TB, streptomycin, atayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1940, madokotala adaona msanga kuti akaperekedwa okha, tizilombo tina timapulumuka n'kuswana tosamvanso mankhwalawo. N'chifukwa chake lero wodwala amayamba ndi mitundu inayi pamodzi kwa miyezi iwiri, kenako mitundu iwiri, isoniazid ndi rifampicin, kwa miyezi inayi. Tizilombo tambiri timafa m'masabata oyambirira, munthu n'kumva bwino, koma tina timatsala titabisala. Womwa modumphadumpha, lero wamwa mawa waleka, amapatsa mpata tizilombo tolimbato kuti tichulukane. Mapeto ake ndi TB yosamva mankhwala. Ndipo chopweteka n'chakuti ambiri odwala TB yotereyi sadalakwitse kanthu, adangoitenga kwa wina ili yokhwima kale.

Ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, lipoti la mu 2006 lidanena za odwala 53 a TB yokana mankhwala pafupifupi onse a nthawiyo. Mwa iwo, 52 adamwalira. Kwa zaka zambiri opezeka ndi TB yosamva mankhwala ankalandira chithandizo mpaka zaka ziwiri, kuphatikizapo jakisoni amene ena adawasiya ogontha. Zinthu zapepukako: mu 2022 bungwe la WHO lidavomereza mapiritsi a miyezi 6 okhala ndi bedaquiline, opanda jakisoni. Komabe mankhwala atsopano alionse ali ngati chitsime cha mudzi wonse. Mmodzi akachiipitsa, ludzu ndi la tonse.

Ndiye titero kuti wokana mankhwala atsekeredwe? Ena ayesapo. Ku South Africa komweko odwala TB yoopsayi ankasungidwa m'zipatala zotchingidwa ndi mpanda ndi alonda. Mu December 2007 gulu la odwala lidathawa pachipatala cha Jose Pearson ku Port Elizabeth kufuna kukadya Khirisimasi ndi mabanja awo. Kodi tingawatche zigawenga? Amenewa adali makolo osiya ana opanda chakudya, anthu amene adalandidwa ufulu asadapalamule mlandu. Ndiponso anthu akamva kuti kupezeka ndi matenda ndiye kulowa m'ndende, amabisala osakayezetsa, matenda n'kumafalikira mwakachetechete. Mu 2011 dzikolo lidasintha ndondomeko kuti odwala ambiri azilandira chithandizo kufupi ndi kwawo.

Apa ndi pamene ine ndaima. Inde, wodwala TB ali ndi ngongole kwa anzake, ngongole yomaliza mankhwala. Koma ife amene tikumuumiriza tili nayonso ngongole kwa iye, ndipo yathuyi timaiiwala msanga. Nditacheza naye bwino msuweni wanga, ndidapeza kuti mawu a ufulu aja adali chophimba chabe. Mapiritsi ankamuyambitsa nseru, kenako njala yosaneneka pamene m'nkhokwe mudali mopanda kanthu. Mankhwala ngaulere m'zipatala za boma, koma njinga ya kabaza yopitira kumeneko siyaulere, ndipo tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku losapala matabwa. Choposa zonse chidali manong'onong'o. Anthu ankati, "Mwamuona mmene waondera? Ndi kaja kaja." Makasitomala adayamba kumulambalala. Kuleka mankhwala kudali njira yake youzira mudzi kuti ali bwino. Eti abale, amene adalephera pamenepa ndi iye yekha?

Nzeru yoti wodwala asamwe mankhwala payekha siyachilendo kuno. Dokotala Karel Styblo adaiyesa ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo WHO, italengeza mu 1993 kuti TB ndi ngozi ya dziko lonse lapansi, idaitenga n'kuifalitsa ndi dzina loti DOTS. Munthu wina amaonerera wodwala akumeza mapiritsi n'kuchonga pakhadi. Ena amati kumeneku n'kuchepetsa munthu wamkulu, kumuyesa mwana. Zingakhaledi tero ngati woonererayo abwera ngati wapolisi. Koma akabwera ndi phala m'manja, ndi ubale umenewo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mwina wina afunsa kuti, nanga katemera uja tidabayidwa tili makanda, amene adatisiyira chipsera pamkono? Katemera wa BCG adayamba kuperekedwa mu 1921, ndipo amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa monga ya muubongo. Koma kwa akuluakulu sadalirika. Kafukufuku wa ku Karonga amene zotsatira zake zidatuluka mu 1996 adaonetsa kuti BCG amateteza ku khate koma sadateteze ku TB ya m'mapapo. Katemera watsopano wotchedwa M72 adayamba kuyesedwa pa anthu zikwizikwi mu 2024, ndipo Malawi ndi Zambia adali m'gulu la maiko osankhidwa. Tidikire zotsatira. Pakadali pano, mu 2023 mokha TB idapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni padziko lonse, chonsecho ndi matenda ochizika.

Choncho thupi ndi lako ndithu, palibe angakulande. Koma mpweya umene ukutulukamo ukulowa mwa ena, ndipo mankhwala amene ukumwa adzafunikanso kwa mwana wa mnzako. Nawe wathanziwe, usanaloze chala wodwala, dzifunse ngati udamupititsirapo ufa kapena kumukweza panjinga.

Msuweni uja adayambanso kutsokomola nyengo ya dzinja. Mwamwayi atamuyezanso adapeza kuti tizilombo tidakamvabe mankhwala, ndipo adayambiranso pachiyambi. Ulendo uno mlongo wake uja ndiye ankasunga khadi. M'mawa uliwonse ankafika ndi kapu ya madzi, n'kukhala pakhonde kufikira mapiritsi atatsika, kenako n'kutulutsa phala. Adakangana kangapo, koma miyezi 6 idakwana.